Chitoliro cha Mwana wa Mfumu

Mipando yobwereka inali isanathe kutulutsidwa m'nyumba pamene mlendoyo anafika. Anaima pambali pa khomo, chipewa chili m'manja, kudikira kuti amuna awiri onyamula mipandowo adutse. Panali patapita masiku awiri chiikireni maliro, ndipo pabalaza pankamvekabe fungo la maluwa ofota.

Anamulandira ndi azakhali, mlongo wawo wa malemu.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndine kondakitala, mayi. Ndabwera kudzaona anamfedwa."

"Kondakitala wa basi iti? Ofuna basi anapita dzulo onse."

"Ayi mayi, wa gulu loimba lija. Ndine amene ndimaima kutsogolo ndi kandodo."

Mwana wamwamuna wa malemu, chisamba cha m'nyumbamo, anaseka kamodzi ali pawindo, kuseka kouma. Iyeyu anali makaniko wa magalimoto akuluakulu kumzinda wina, ndipo mawa lake ankayenera kubwerera kuntchito. Mlongo wake sanaseke. Anadzuka, nkulandira chipewa cha mlendoyo, nkumulozera mpando. Ankadziwa chimene munthuyo wadzera.

Mkaziyu anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali asanachokepo pakhomo pa makolo ake. Bambo ake ankamutchula kuti Kalaliki, mpaka dzinalo linamukakamira. Malemu ankapeka nyimbo za okesitira, gulu la anthu oposa makumi asanu oimba mavayolini, malipenga, zitoliro ndi ng'oma pamodzi. Ankalemba zonse m'buku limodzi lalikulu, ndiye Kalaliki ankakopera pamanja gawo la woimba aliyense papepala lakelake. Chala chake chapakati chinali ndi chikang'a chakuda cha inki.

Mayi wamasiye anali atakhala pasofa, manja ali pamiyendo. Kondakitala anapepesa monga mwa ulemu, nkunena zabwino zambiri za malemu, amene oimba onse ankawatchula kuti Aphunzitsi. Kenako anatsokomola.

"Mayi, mundikhululukire. Sindikanabwera msanga chonchi, koma kwatsala masiku khumi ndi awiri okha. Holo tinaisungitsa kale, anthu anamva kale. Oimba agwirizana kuti nyimbo yawo yaikulu ija iimbidwebe, likhale tsiku lokumbukira Aphunzitsi. Vuto lili patsamba lomaliza."

Nyimbo imeneyo malemu anaipeka kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Inalibe mawu, zida zokhazokha, koma inkasimba nkhani imene anaiwerenga m'buku lina lakale ali mnyamata: mfumu ina, mkazi wake ndi ana awo atatu. Mng'ono wake wa mfumuyo anaukira ndi asilikali, nkutsekera banja lonselo m'nyumba yosungiramo tirigu kwa miyezi isanu, ndipo m'mawa wina analitulutsira pabwalo nkulipha. Munthu aliyense anali ndi chida chake. Mfumu inali malipenga. Mfumukazi inali chelo, vayolini wamkulu woimika pansi uja. Ana aamuna awiri anali mavayolini awiri, asilikali anali ng'oma, ndipo kamtsikana komaliza, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kanali chitoliro.

"M'buku lalikulu muli mathero awiri," anatero kondakitala. "Oyamba, ng'oma zikalira komaliza, zonse zii, onse afa. Koma pamwamba pake Aphunzitsi anabayapo kapepala ndi phini. M'kapepalamo chitoliro chikubwerera chokha, chikukwera pang'onopang'ono ngati mwana akuthawa. Pambali analembapo chizindikiro cha funso. Ndinawafunsa Lachisanu kuti tiimbe ati, iwo nkuti andiuza Lolemba."

"Lolemba anali m'chipatala, pakamwa patapotoka," anatero mayi.

"Ndikudziwa, mayi."

"Ine ndaika mwamuna wanga dzana. Inu mwabwera kudzandifunsa ngati kamwana ka m'mapepala kafe kapena kakhale moyo."

Kondakitala anawerama, nkuyang'ana nsapato zake. "Ndi momwemo, mayi. Sindingakane. Tiyeserera komaliza Lachisanu likubwerali. Pofika tsikulo, wina wa m'banja muno andiuze. Ineyo sindingasankhire Aphunzitsi."

Atachoka, Kalaliki analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito cha bambo ake. Munali piyano, tebulo lalitali, ndi mashelefu odzaza mapepala omanga ndi zingwe. Pensulo zisanu ndi imodzi zinali zitasongoledwa, zitandandalikidwa pafupi ndi buku lalikulu. Makaniko anamutsatira koma anaima pakhomo. Anali asanalowemo chichokereni ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku limene bambo ake anamulanda vayolini pamaso pa ophunzira anzake nkumuuza kuti manja ali nawo abwino, koma a sipanala. Iye anangomva, nkupita kukafunafuna sipanalayo.

"Ungosankha, chemwali," anatero. "Lililonse. Angadziwe ndani?"

"Ndingadziwe ine."

"Nanga iwe ukufuna ati?"

Kalaliki anatsegula tsamba lomaliza, nkukhudza kapepala kobayidwa ndi phini kaja. "Tabwerani muone zilembozi, achimwene."

Makaniko anazengereza, kenako analowa. Kuwerenga manotsi, zizindikiro zolembera nyimbo, anali asanaiwale. Anayang'ana kapepalako, nkuyang'ana bukulo.

"Izi sizilembo za mdala."

"Ndi zanga. Chaka chatha, ndikukopera gawo la chitoliro, ndinamva chisoni ndi mwanayo. Ndinalemba tizigawo tisanu ndi titatu tokha, nkuwasiyira patebulo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Sananene kanthu. M'mawa mwake ndinapeza atakabaya m'bukumu." Anatembenukira mchimwene wake. "Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikukopera za eni. Changa ndi ichi chokha. Chaka chathunthu sanakachotse, achimwene. Mukuwadziwa bambo. Chinthu chimene sanachifune chinkagona m'dengu la zinyalala tsiku lomwelo."

"Ndiye nkhani yatha. Aimbe chako."

"Nanga chizindikiro cha funsochi?"

Mayi awo anali ataima kumbuyo kwawo, sanawamve kubwera. Nawonso sanadutse pamzere wa chitseko.

"Mukukambirana za abale anu?" anafunsa.

"Amayi..."

"Ndi abale anu, nanga ndi ndani? M'nyumba muno munali mabanja awiri. Lina ndi ili, lina ndi la m'bukumo. Bambo anu ankadziwa chimene kamtsikana ka mfumu kankaopa, ankadziwa mmene ana aamunawo ankayendera. Iwe mnyamatawe unathyoka mkono uli sitandade fayivi, anadziwa patatha masiku atatu, ataona pulasitala patebulo." Anatembenukira kwa mwana wamkazi. "Inu simukudziwa kuti mukanakhala atatu. Ndinapita padera iwe uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mchimwene wakoyu atachoka kale. Ndinakuuza kuti ndi malungo. Bambo ako anafika kuchipatala madzulo, pensulo ili kukhutu, maso ali gwa ndi chimwemwe. Anandigwira phewa nkuti, ndapeza mawu a mfumukazi, ndi chelo. Za mwana anafunsa potuluka."

Kunja, galimoto yonyamula mipando inalira nkunyamuka.

"Aimbe, asaimbe, ine ndilibe nazo. Koma musandifunse za anthu amenewo. Anandidyera mwamuna ali moyo."

M'mawa mwake azakhali anamanga katundu wawo. Makaniko anawanyamulira chikwama mpaka pageti, Kalaliki ndi mayi ake akutsatira. Potsanzika, azakhali anagwira dzanja la mlamu wawo ndi manja awiri.

"Limbani mtima, alamu. Bola inu anakusiyirani mawu. Enafe amuna athu anangopita osatsanzika. Kapepala kaja munakawerenga?"

Mayi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Kapepala kanji, azakhali?" anafunsa Kalaliki.

"Kamene analemba kuchipatala, tsiku lomaliza lija, inu mutapita kukasamba. Si ndinalipo ine? Anavutika nako pafupifupi ola lathunthu, ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Nkuwafumbatitsa amayi anuwa. Ine mpaka ndinalira." Azakhali anayang'ana nkhope zitatuzo, nkuzindikira kuti alankhula zosayenera. "Kaya, mwina ndalakwitsa. Basi indisiya."

Makaniko sanapite kuntchito tsiku limenelo. Anaimbira foni abwana ake nkupempha masiku ena atatu. Mayi anadzitsekera kuchipinda m'mawa wonse. Masana anatuluka nkukhala pampando wa kukhitchini, moyang'anizana ndi sinki, ngati akudikira wina. Ana awo anabwera nkukhala nawo patebulo.

"Sitikukukakamizani, Amayi," anatero Makaniko.

"Mukundikakamiza ndi maso."

Anatulutsa kachikwama ka magalasi m'thumba la diresi lawo, nkukatsegula. Pansi pa kansalu kopukutira magalasi panali kapepala kopinda kanayi. Sanakapereke. Anakaika patebulo, dzanja lili pamwamba pake.

"Masiku asanu ndi limodzi anagona osalankhula. Maso okha ndiwo ankayenda. Tsiku lomalizalo anayamba kukanda bulangete ndi chala, kukanda, kukanda, mpaka namwino anamva kuti akufuna cholembera. Tinamupatsa kuseri kwa pepala la mankhwala. Atamaliza anandiyang'ana ine. Osati mlongo wake, ine. Anandigwira apa," analoza pamkono, "mwamphamvu moti mpaka lero pali chizindikiro. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati, sanandilemberepo ngakhale mzere umodzi. Ngakhale tili pachibwenzi ankatuma mnzake kudzanena pakamwa."

"Analemba chiyani?" anafunsa Kalaliki motsitsa mawu.

"Pali nambala, pali timizere, pali mtanda. Ndinati mwina ndi nyimbo ya kutchalitchi imene tinaimba paukwati wathu. Nditafika kunyumba ndinatsegula buku la nyimbo. Limathera pa 380. Ndinayesa Masalimo, ndinayesa masamba a Baibulo. Ndinayesa tsiku limene tinakumana." Anapumira m'mwamba. "Sindine wopusa. Ndikudziwa timizere tisanu tanthauzo lake, ndi polembapo nyimbo zake. Koma malinga ngati palibe amene wakawerenga, kanali kanga."

Anachotsa dzanja. Anakankhira kapepalako kwa mwana wamwamuna.

Makaniko anakatambasula. Timizere tisanu tokhotakhota tinali titadutsa pepala lonse. Pamwamba panali nambala 412, yolembedwa monjenjemera. Pansi pake panali zilembo zitatu zofupikitsa dzina la chida, ndi manotsi anayi okwera. Pamwamba pa manotsiwo panali mtanda waukulu, wokanikiza kwambiri moti cholembera chinaboola pepala.

Makaniko anazindikira chimene kapepalako kankanena. Sanayang'ane mlongo wake.

"Ndi kanyimbo kanu, Amayi," anatero. "Anakupekerani inu. Chiyambi chake chabe, sanathe kumaliza."

"Eti? Taimba."

Makaniko anang'ung'udza manotsi anayi aja, nkuwonjezera ena a m'mutu mwake. Mawu ake anathera m'njira.

"Unali wosadziwa kunama uli mwana," anatero mayi, "ndipo mpaka pano sunaphunzire. Mpatse mlongo wako."

"Amayi, tisiye."

"Mpatse."

Kalaliki analandira kapepalako. Sanafunike nthawi. Nyimbo yonse inali yogawidwa m'tizigawo tokhala ndi manambala, ndipo manambalawo anawalemba yekha kambirimbiri. Pa 411 ndi pamene ng'oma zinkalira komaliza. Pa 412 ndi pamene chitoliro chake chinkayambira. Manotsi anayiwo anali ake.

Mpopi wa pasinki unkadontha.

"Nena," anatero mayi. "Usandisungire."

"Akuti chitoliro chichotsedwe. Patsamba lomaliza paja. Akuti mwanayo afe nawo."

"Basi?"

"Basi, Amayi."

"Palibe china pansipo? Kadontho ako?"

"Ndi pamene cholembera chinaboola."

Mayi anagwedeza mutu kangapo. Anatenga kansalu ka magalasi, nkukapinda, nkukabwezera m'kachikwama, nkutseka. Kenako anaseka. Kunali kuseka kochepa, kochokera pansi pa chifuwa, kumene ana awo anali asanakumvepo.

"Ine kumati akunditsanzika. Kani amandituma. Munthu akufa, mpweya ukutha, wayang'ana m'chipinda chonse kuti nditume ndani. Waona wapositi wakhala apo." Anapukuta diso limodzi ndi chala chachikulu. "Ndipo wapositiyo wachedwetsa kalata sabata yathunthu. Akanakhala moyo ndikanakalipiridwa."

Makaniko anamenya tebulo ndi chikhatho. "Ng'amba chimenecho! Ng'amba, chemwali. Tikudziwa ndife atatu basi. Uwauze kuti sanasiye mawu, aimbe chako. Watizunza ali moyo, atizunzenso ali m'manda? Ola lathunthu, ndi dzanja lamanzere, kuti aphe mwana wa m'mapepala! Osati kulemba dzina la mkazi wake. Osati kufunsa ngati ine ndafika. Amayi, lankhulani. Kapepalako anapatsa inu."

"Si kanga," anatero mayi. "Mwamva nokha. Mwini wake ndi uyo."

Anadzuka, nkuyamba kutsuka kapu imene inali yotsuka kale.

Kalaliki anatenga kapepalako nkupita kuchipinda cha bambo ake. Anakhala papiyano, nkutsegula buku lalikulu masamba atatu asanathe. Anaimba pang'onopang'ono, monga ankachitira akafuna kuona ngati wakopera bwino: banja likutuluka m'nyumba ya tirigu, malipenga a mfumu atafooka, chelo akuyenda pambali pawo, mavayolini awiri akupunthwa, chitoliro chikufunsafunsa pamwamba. Kenako ng'oma. Anaimba mathero ake, mwana akuthawa, akukwera, akukwera mpaka kutha. Anabwerera nkuimba mathero a bambo ake. Anabwerezanso ake. Anabwerezanso a bambo ake.

Makaniko anali atatsamira chitseko, manja ali m'matumba.

"Chako ndi chokoma," anatero.

"Ndi chokoma, inde. Vuto lake ndi limenelo." Kalaliki sanatembenuke. "Munthu akamva changa atuluka m'holomo akuti, bola mmodzi wapulumuka. Akafika kunyumba adya bwino, agona bwino. Ola lonse limene wamvera lija lasanduka nthano. Akamva cha bambo alibe pothawira."

"Ndiye anthu azipita kwawo atasweka mtima chifukwa mdala ankakonda zimenezo?"

"Anthu aja anaphedwa onse, achimwene. M'bukumo mulibe amene anathawa. Ndine ndinamuthawitsa, chifukwa sindinathe kupirira." Anaika manja pamiyendo. "Chaka chathunthu ankamvetsera kachigawo kangaka m'mutu mwawo. Sanakataye tsiku lomwelo. Anakaganizira mpaka pabedi la imfa. Kenako anakana. Ndipo sanalakwitse. Chimene chikundipweteka ndi chimenecho. Akanalakwitsa ndikanang'amba."

"Ukuwaikira kumbuyo."

"Ayi. Ndikanakonda akanalembako ngakhale dzina la Amayi pansipo. Malo analipo."

Anasolola phini m'bukumo, nkuchotsa kapepala kake. Patsambapo panatsala timabowo tiwiri ta dzimbiri.

Lachisanu m'mawa mayi anakana kupita. Kalaliki anapita ndi mchimwene wake. Holoyo inali yozizira, mipando ya anthu ili yopanda kanthu, magetsi akuyaka kutsogolo kokha. Oimba anali atavala zovala za masiku onse, ena majuzi, ena malaya a kuntchito, akuchuna zida zawo. Atamuona Kalaliki phokoso linatsika. Ambiri anamugwedezera mutu. Nkhalamba yoimba lipenga inadzuka nkumugwira dzanja.

Anapereka kapepala ka kuchipatala kwa kondakitala. Iye anakayang'ana, nkuvula magalasi, nkuwavalanso.

"Analemba okha?"

"Okha. Tsiku lomaliza."

"Mulungu wanga," anatero chapansipansi. Sizinadziwike ngati akutamanda kapena akudandaula.

Woimba chitoliro anali mayi wa imvi zoyamba, amene masana ankaphunzitsa kusukulu ya ana. Kalaliki anakwera kupita pamalo ake ali ndi pensulo.

"Pepani, achemwali. Kuyambira pa 412 sitiimba."

"Iii, zoona? Ndakhala ndikukaphunzira mwezi wathunthu. M'nyimbo yonseyi kachigawo kamene ndimakakonda ndi kameneka. Kamandiliza." Mayiyo anayang'ana pepala lake. "Ndinkati pomaliza Aphunzitsi afewa mtima. Sindinkadziwa kuti angalembe chinthu chachifundo chotere."

Kalaliki anawerama nkulemba mtanda pa tizigawo tisanu ndi titatu tija, kamodzi kamodzi, mwaukhondo monga ankachitira ntchito yake yonse. Anatsika nkukakhala pafupi ndi mchimwene wake pamzere wachisanu.

Anayamba ndi gawo lomaliza. Makaniko anali asanaimvepo nyimboyo ndi zida zonse. Ankangodziwa tizidutswa timene tinkatuluka pansi pa chitseko ali mwana, ndipo ankadana nato. Tsopano tinabwera tonse pamodzi, tolukana, nkumufinya pachifuwa. Anamva m'mawa ukucha pabwalo. Anamva chitseko cha nyumba ya tirigu chikutseguka. Ng'oma inalira koyamba, malipenga anaduka pakati pa mawu. Inaliranso, vayolini mmodzi anasowa, mnzake nkutsala akubwereza zomwezo ngati akuitana. Inaliranso. Chelo anakwera pamwamba pomwe chidacho sichimafika mosavuta, chitoliro chitamatirira pansi pake ngati mwana wobisala m'nsalu ya mayi ake. Ng'oma inalira kawiri motsatizana.

Zii.

Kondakitala sanatsitse dzanja. Anthu oposa makumi asanu anakhala osagwedezeka, mauta a mavayolini ali m'mwamba. Aliyense m'gulumo ankadziwa chimene chinkabwera pamenepo masabata onse apitawo, ndipo makutu awo ankachidikira. Mayi wa chitoliro anali atachigoneka pamiyendo, zala zake zikuyenda zokha pamabowo. Sichinabwere. Kunkamveka kulira kwa magetsi a kudenga kokha.

Kenako dzanja linatsika. Nkhalamba ya lipenga inatulutsa mpango nkudzipukuta kumaso konse. Woimba ng'oma anaika timitengo take pansi mosamala ngati tikutentha.

Ali panja, Makaniko anayatsa galimoto koma sanainyamutse. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Mdala uja anali wankhanza," anatero.

"Anali."

"Koma chinthu chija..."

"Musanene, achimwene. Chonde. Lero lokha."

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Anapeza mayi awo kukhitchini, ketulo ili pamoto, makapu atatu ali patebulo. Nyumba inali itasesedwa, maluwa ofota aja atatayidwa. Mayi anathira tiyi osawayang'ana.

"Wafa?" anafunsa.

"Wafa, Amayi," anayankha Kalaliki.

"Onse?"

"Onse."

"Chabwino. Mwina tsopano atuluka m'nyumba mwanga."

Anakhala pansi, nkuthira shuga m'kapu yawo, nkuyamba kutakasa. Makaniko ankawayang'ana dzanja. Supuni inkazungulira pakatikati pa tiyi, osakhudza m'mbali, osakhudza pansi, osatulutsa phokoso ngakhale pang'ono. Anayang'ana mlongo wake, nkuona kuti nayenso akutakasa chimodzimodzi. Anayang'ana dzanja lake lomwe, dzanja lozolowera hamala ndi zitsulo, nkupeza kuti likuchita zomwezo. Khoma la khitchini ndi limene linkalekanitsa tebulolo ndi chipinda cholembera, ndipo m'nyumbamo mwana ankaphunzira kutakasa tiyi mwakachetechete asanaphunzire kumanga zingwe za nsapato.

"Amayi," anatero, "palibe amene akulemba."

Mayi anaima. Anayang'ana supuni yawo ngati akuiona koyamba. Anaitulutsa m'tiyi, nkuigwira m'mwamba kanthawi, nkuigunditsa kamodzi pamlomo wa kapu.

Ngwee.

Onse atatu anatembenukira kukhoma, mapewa atakwera, kudikira.

Kenako mayi anabwezera supuni m'kapu, nkupitiriza kutakasa pakatikati.